Beaver anachulukanso msanga, akamba a m'nyanja yamchere akuchedwa: kusiyana kwagona pati?

Nabanda_Zomba

Moni nonse a pagulu lino. Ndikukonza phunziro la Biology la Fomu 4 lokhudza nyama zimene zinatsala pang'ono kutha, ndipo ndasankha ziwiri zoti ana aziyerekeze. Yoyamba ndi beaver, nyama yaubweya ya m'mitsinje ya ku Ulaya ndi ku North America imene imagwetsa mitengo n'kumatseka madzi. Yachiwiri ndi akamba a m'nyanja yamchere, ngati amene amaikira mazira m'magombe a ku Mozambique.

Chikundizunguza mutu ndi ichi. Beaver amabereka kamodzi pachaka, ana awiri, atatu, anayi, nthawi zina kuposerapo. Kamba amaikira mazira pafupifupi 100 m'dzenje limodzi, ndipo pa nyengo imodzi amakumba maenje angapo. Kungowerengera pamwambamwamba, kamba ndiye amayenera kuchulukana msanga anthu akasiya kumupha. Koma zinachitika mosiyana. Cha m'ma 1900 ma beaver a ku Ulaya ndi Asia anatsala pafupifupi 1,200 okha, lero apitirira 1 miliyoni. Akamba akhala akutetezedwa kwa zaka zoposa 50 m'maiko ambiri, koma mitundu ina idakali pangozi yaikulu.

Kodi kusiyanaku kukuchokera m'thupi mwa nyamazi, m'malo amene zimakhala, kapena m'njira zimene anthu amazitetezera? Ndithandizeni ndi mayankho okhala ndi manambala, chifukwa ana a Fomu 4 sakhutira ndi yankho lakuti "ndi mmene zinalengedwera."

Chisale_M

Mayi Nabanda, nambala ya mazira isakusokonezeni. Zofunika kuyang'ana ndi ziwiri: zaka zimene nyama imatenga kuti iyambe kubereka, ndi kuchuluka kwa ana amene amafika pa msinkhu umenewo.

Beaver ndi wa gulu la makoswe, limodzi ndi ntchenzi ndi nungu, ndipo pagulu lonselo amene amamuposa kukula ndi capybara wa ku South America yekha. Wamkulu amalemera makilogalamu 15 mpaka 30. Bere limatenga masiku pafupifupi 105. Ana amabadwa ali ndi ubweya kale, maso ali otsegula, ndipo amabadwira m'nyumba ya mitengo ndi matope imene khomo lake lili pansi pa madzi, moti mimbulu ndi zimbalangondo zimavutika kuwafikira. Amayamwa, amasamalidwa ndi makolo onse awiri, ngakhalenso akulu awo obadwa chaka chatha amathandiza kulera. Akakwana zaka ziwiri amachoka kukafuna malo awo, ndipo pofika zaka 3 ambiri amakhala atayamba kubereka. M'zaka 30 mibadwo ya beaver imatha kufika 10.

M'zaka 30 zomwezo kamba amakhala adakali pa m'badwo umodzi. Akamba a mitundu ya green turtle ndi loggerhead amayamba kuikira ali ndi zaka 20, 30, ena kupitirira apo. Mayi akakwirira dzenje amabwerera m'madzi ndipo sadzawaonanso mazirawo. Amaswa okha patatha masiku pafupifupi 60. Mazira amafukulidwa ndi agalu ndi ng'anzi, tiana tikatuluka timagwidwa ndi nkhanu ndi mbalame, tikafika m'madzi nsomba zimakhala zikudikira. Chiwerengero chimene akatswiri amagwiritsa ntchito kawirikawiri n'chakuti pa tiana 1,000 kamodzi kokha ndi kamene kamakula mpaka kubereka. Komanso mayi saikira chaka chilichonse, amadumpha zaka ziwiri mpaka 4.

Masamu awa mukhoza kuwachita ndi ana pa bolodi. Tinene kuti kamba wakumba maenje 4 pa nyengo, lililonse mazira 100, onse pamodzi 400. Kuti asiye akamba awiri akuluakulu olowa m'malo mwa iye ndi mwamuna wake, pakufunika tiana 2,000, kutanthauza nyengo 5 zoikira ngati mazira onse ataswa, zomwe sizichitika. Akamaikira kamodzi pa zaka 3, ndiye kuti ayenera kukhala ndi moyo zaka zina 12 mpaka 15 atakula kale kuti mtunduwo ungokhala pamene uli, osachuluka n'komwe. Ukonde ukamupha m'chaka chake chachiwiri choikira, zaka 25 zimene anakula zapita pachabe.

Pa thupi, onse awiri amapuma ndi mapapo ndipo onse akhoza kumira. Apo ndi pamene afanana, kwinako asiyana kwambiri. Beaver ali ndi magazi ofunda. Mano ake anayi akutsogolo sasiya kukula, ndipo ndi ofiirira chifukwa chikuto chake chakunja chili ndi ayironi. Mbali yakutsogolo ya dzino ndi yolimba, yakumbuyo ndi yofewa, choncho akamatafuna mtengo yakumbuyo imaperepeseka msanga ndipo dzino limanoleka lokha. Milomo imatsekeka kumbuyo kwa manowo kuti azidula nthambi pansi pa madzi osatsamwa. Mphuno ndi makutu zimatsekekanso, ndipo amatha kukhala pansi pa madzi mpaka mphindi 15. Ambiri amamusokoneza ndi katumbu, koma katumbu amadya nsomba ndi nkhanu pamene beaver sadya nyama. Chakudya chake ndi makungwa ofewa a msondodzi, aspen ndi birch, masamba, ndi zomera za m'madzi.

Kamba ndi chokwawa, thupi lake limatsatira kutentha kwa madzi. Alibe mano, ali ndi mlomo wolimba. Sangabise mutu m'chigoba ngati fulu wa kumtunda. Miyendo yakutsogolo inasanduka zopalasira. Mchere umene amamwa m'madzi amautulutsa kudzera m'tizigawo ta pafupi ndi maso, ndipo imeneyo ndiyo "misozi" imene anthu amaiona akamaikira. Mitundu ilipo 7, ndipo iliyonse ili ndi chakudya chake: green turtle amadya udzu wa pansi pa nyanja, hawksbill masiponji a m'matanthwe, loggerhead nkhanu ndi nkhono, leatherback ma jellyfish, tinyama tofewa toyandama m'nyanja. Leatherback ndiye chimphona. Wina amene anapezeka pagombe la Harlech ku Wales mu 1988 ankalemera makilogalamu oposa 900.

Pa malo okhala ndi pamene kusiyana kumakula. Banja la beaver limakhala moyo wonse pa kachigawo ka mtsinje ka makilomita ochepa, ndipo malo akakhala osayenera limawakonza lokha. Boma limodzi likhoza kuliteteza. Kamba amafuna gombe loikirapo, nyanja yapakati yokuliramo, ndi malo odyera, ndipo atatuwa nthawi zambiri ali m'maiko osiyana. Ma loggerhead oswedwa ku Japan amawoloka Pacific kukakulira ku Mexico, n'kubwereranso ku Japan kukaikira. Ma green turtle odyera ku Brazil amasambira makilomita oposa 2,000 kukaikira pa chilumba cha Ascension. Dera limene anaswedwera amalipeza pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito ya dziko. Gombe limenelo likamangidwa mahotela, kamba alibe luso lokonza lina.

Gondwe_wa_Usodzi

Bambo Chisale afotokoza bwino. Ine ndionjezere za m'madzi, chifukwa n'kumene akamba akuluakulu akufera.

Nkhani ya mtundu wa kamba wotchedwa Kemp's ridley ndi yoyenera kalasi yanu, mayi. Mu 1947 pa gombe la Rancho Nuevo ku Mexico panajambulidwa akamba amene akatswiri anawerengera kuti anali pafupifupi 40,000 akuikira tsiku limodzi. Mexico inayamba kulondera gombelo mu 1966 kuti anthu asamakumbe mazira. Ngakhale zinali choncho, nambala inapitirira kutsika mpaka mu 1985 pamene chaka chonse panapezeka maenje 702 okha. Mazira ankatetezedwa, koma akamba okula ankafera m'maukonde a mabwato okoka ma prawn ku Gulf of Mexico. Kafukufuku wina wa mu 1987 pa ma loggerhead a ku America anaonetsa zomwezo: ngakhale mutapulumutsa dzira lililonse, mtunduwo ungapitirirebe kuchepa ngati akamba osinkhuka ndi akuluakulu akufa m'nyanja. Maukonde atasinthidwa zinthu zinayamba kuwongokera, ndipo m'zaka za m'ma 2010 panali zaka zina zimene maenje a Kemp's ridley anapitirira 20,000.

Chimene chinasintha ndi chipangizo chotulutsira akamba mu ukonde chotchedwa TED. Ndi chitsulo cha mipiringidzo chimene chimasokereredwa mkati mwa ukonde, kutsogolo kwa thumba limene ma prawn amasonkhanamo. Mipata ya pakati pa mipiringidzo isapitirire masentimita 10. Ma prawn amadutsa m'mipatamo, kamba amagunda chitsulo n'kutsetsereka kupita pa chibowo chotulukira chimene chili pamwamba kapena pansi pa ukonde, chophimbidwa ndi kansalu ka ukonde kotseguka. Chikaikidwa bwino chimatulutsa akamba pafupifupi 97 pa 100 alionse.

Polakwika kwambiri ndi pa kapendekedwe. Chitsulocho chiyenera kupendekeka pakati pa madigiri 30 ndi 55. Chikaima chilili kuposa pamenepo, zinyalala zimaunjikana ndipo kamba amapanikizidwa pa mipiringidzo osatsetsereka. Chikagona kwambiri, ma prawn amatulukira pa chibowo, msodzi amaluza, ndipo mawa lake amasoka chibowocho ndi chingwe. Pamenepo TED ilipo koma sikugwira ntchito, ndipo woyendera amene amangoona chitsulo osayang'ana chibowo amanamizidwa. Ukonde ukamakalamba umatamuka ndipo kapendekedwe kamasintha, choncho kuyeza kuzichitika pafupipafupi.

Pa matchera, kuyesa kumene kunachitika ku Peru kunaonetsa kuti timagetsi tobiriwira ta LED tomangidwa pa mamita 10 alionse tinachepetsa akamba okodwa ndi kuposa theka, nsomba zogwidwa osachepa. Pa zingwe zazitali za mbedza zambirimbiri, mbedza zozungulira zimakola pakamwa m'malo momezedwa ngati zija zooneka ngati J, ndipo nyambo ya nsomba imakola akamba ochepa kusiyana ndi ya squid.

Kamba wopuma amatha maola ali pansi pa madzi chifukwa mtima umagunda pang'onopang'ono. Koma wokodwa amaphiriphitha, mpweya umamuthera msanga, ndipo amakomoka ola lisanakwane. Asodzi ambiri akamuona ali lefu amamuponyera m'madzi poganiza kuti wafa kapena kuti madzi amutsitsimutsa, ndipo apo m'pamene amamira zenizeni. Zoyenera kuchita ndi izi. Munyamuleni pogwira chigoba, osati zopalasira kapena chingwe. Mugonekeni chafufumimba pamthunzi, ndipo kumbuyo kwake mukweze ndi masentimita 15 kapena kuposerapo pa tayala kapena thabwa kuti madzi atuluke m'mapapo. Mufunditseni thaulo lonyowa osatseka mphuno, ndipo musamuike m'beseni la madzi. Nthawi ndi nthawi khudzani pakona ya diso kapena kutsina mchira kuti muone ngati akugwedezeka. Mupatseni maola 4, ngakhale mpaka 24, musananene kuti wafa. Akatsitsimuka mutsitseni pang'onopang'ono injini itaimitsidwa ndipo maukonde ali m'bwato. Mbedza ikakhala yomezedwa musaikoke. Dulani chingwe pafupi kwambiri ndi pakamwa, chifukwa chingwe chotsala chachitali chimapinda ndi kucheka matumbo, ndipo chimapha kuposa mbedzayo.

Nabanda_Zomba

Zikomo kwambiri Bambo Chisale ndi Bambo Gondwe, masamu aja ndiwagwiritsa ntchito. Ndili ndi mafunso ena awiri amene ndikudziwa kuti ana adzafunsa. Ngati zili choncho, ndiye kuti kusamutsa mazira n'kumawaswetsera m'mipanda kulibe phindu? Chinanso, popeza beaver amasunga madzi, bwanji osamubweretsa kuno kumene mitsinje yambiri imaphwa pofika Okutobala?

Mbewe_Madzi

Ndiyankhe la beaver, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi, asabwere.

Tiyambe ndi chifukwa chimene amatsekera madzi. Amafuna madzi akuya pafupifupi mita imodzi kuti khomo la nyumba yake likhale lomira chaka chonse, kuti m'nyengo yachisanu madzi asaundane mpaka pansi, komanso kuti azisunga nthambi zodya pansi pa madzipo. Pa mtsinje waukulu kapena panyanja samanga damu, amangokumba una m'mphepete. Pa kamtsinje kosaya amazika nthambi, kutsamiritsa miyala, n'kumata matope mbali imene madzi akuchokera. Damu lalitali kwambiri lodziwika lili ku Wood Buffalo National Park ku Canada, pafupifupi mamita 850, ndipo linaonedwa koyamba pa zithunzi za setilaiti mu 2007.

Phindu lake ndi lenileni. Madzi amachedwa, amalowa m'nthaka, matope okokoloka amatsalira, ndipo malowo amasanduka dambo lokhala ndi achule, nsomba ndi mbalame. N'chifukwa chake Britain, kumene beaver anatha zaka pafupifupi 400 zapitazo, inayamba kumubwezeretsa ku Knapdale ku Scotland mu 2009, ndipo mu 2020 boma linalola kuti a mu mtsinje wa Otter ku Devon akhalebe atayesedwa kwa zaka 5. Ku North America anatha m'madera ambiri chifukwa cha malonda a ubweya wopangira zipewa, amene kampani ya Hudson's Bay inalemera nawo kuyambira 1670. Kusaka kutaletsedwa ndipo ena atasamutsidwa, anadzaza okha mitsinje. Ku Idaho mu 1948 anafika potsitsa ma beaver 76 ndi maparachuti m'mapiri opanda misewu.

Kuchulukana msanga komweko ndi kumene kumasanduka vuto akapita kumene si kwawo. Mu 1946 Argentina inatenga ma beaver 20 ku Canada n'kukawasiya ku Tierra del Fuego kuti ayambitse malonda a ubweya. Kumeneko kulibe mimbulu kapena zimbalangondo. Msondodzi ndi aspen zikadulidwa zimaphukira pa chitsa, koma mtengo wa lenga wa kumeneko suphukira ndipo umafa mizu ikamira. Nkhalango zambiri za m'mphepete mwa mitsinje zinauma, nyamazo zinawolokera ku Chile, ndipo mu 2008 maiko awiriwa anasainirana pangano loti azithetse, ntchito imene mpaka pano sinatheke. Finland nayo mu 1937 inalowetsa ma beaver 7 a ku America poganiza kuti ndi mtundu umodzi ndi a ku Ulaya. Ndi mitundu iwiri yosaberekana, wina ali ndi ma chromosome 40, wina 48, ndipo lero wa ku America ndiye wachuluka m'dzikomo. Ku Africa kuno beaver si kwawo. Ku Ulaya amadya chimanga cha m'minda ya m'mphepete mwa mitsinje, ndiye ganizirani madimba athu. Ndipo madzi odikha pafupi ndi midzi kuno amabwera ndi udzudzu ndi nkhono za likodzo.

Kumene ali kwawo, ntchito ya lero si yowachulukitsanso koma yokhala nawo. Kugumula damu sikuthandiza, chifukwa phokoso ndi kukoka kwa madzi otuluka n'zimene zimawaitana, ndipo amatseka usiku umodzi kapena uwiri. Kuwapha kumangosiya malo oti banja lina lilowe. Chimene chimagwira ntchito ndi payipi yodutsa m'damu. Amatenga payipi ya masentimita 30 m'mimba mwake, yaitali mamita 10 mpaka 12. Mbali yotulukira amaiika m'damu pa mulingo umene akufuna kuti madzi azilekezera. Mbali yolowera amaiika kutali chakumtunda, pansi pa madzi, mkati mwa khola la waya wolimba lotambalala pafupifupi mita imodzi ndi theka, lokhala ndi waya pansi pomwe kuti asalowere kunsi. Kholalo limamuika beaver patali moti samva kukoka kwa madzi, ndiye amangomata damu pamene payipi ikutulutsabe. Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu. Payipi ikakhala ndi mpweya mkati imayandama, choncho imafunika kubooledwa timabowo pamwamba ndi kutsamiritsidwa. Madzi akatsitsidwa kwambiri, osatsala akuya pafupifupi mita, banjalo limakamanga damu lina chapafupi ndipo ndalama zapita. Kholalo likapanda kuchotsedwa masamba kangapo pachaka limatsekeka. Pa makalavati a mumsewu amamanga mpanda wa waya wotambasukira kumtunda kuti asamate pakamwa pa kalavati.

Mitengo yofunika amaizinga ndi waya wochindikala wotalika mita imodzi kapena kuposerapo, kusiya mpata wa masentimita 15 kuzungulira thunthu kuti mtengo uzikula. Waya wa khola la nkhuku ndi wofewa, amaupinda.

Chimene tingatengere kwa beaver ndi kamangidwe kake. Ku Bridge Creek ku Oregon akatswiri anazika mizati m'mtsinje wokumbika n'kuluka nthambi pakati pake, ndipo matope anayamba kudzaza, madzi n'kukwera. N'zofanana ndi timadamu ta mitengo ndi miyala timene alangizi amalimbikitsa m'zigwembe kuno. Tikhale tambiri totsatizana, tosapitirira mita kutalika, pakati pakhale potsika kuti madzi asefukire pamenepo, ndipo kunsi kuikidwe miyala. Kamodzi kakakulu kamaphulika ndi mvula yoyamba yamphamvu, kapena madzi amakumba m'mbali n'kukulitsa chigwembe.

Nasimango_K

Mayi Nabanda, pa funso la mazira ndisiyane pang'ono ndi mmene mwamvera mawu a Bambo Gondwe. Kuteteza gombe kuli ndi phindu lalikulu, kungoti pakokha sikukwana. Kumene anthu ankakumba pafupifupi dzenje lililonse ndi kupha amayi akuikira, kulondera gombe n'kumene kunapulumutsa mtundu. Koma kulondera n'kosiyana ndi kusamutsa. Dzenje lisiyidwe pamene mayi analikumba. Lisamutsidwe pokhapokha ngati lili pamalo oti mafunde alimiza, gombe likugumuka, kapena akuba sangaletseke.

Chifukwa chake n'chakuti patangopita maola ochepa dzira litaikiridwa, kamwana kamamatirira kumtunda kwa chikamba cha dziralo. Mukalitembenuza kapena kuligwedeza pambuyo pake, timinofu timaduka ndipo kamafa. Choncho kusamutsa kuchitike m'maola ochepa oyambirira, asanakwane 12. Dzira lililonse linyamulidwe mmene lagonera, osalizunguza, ndipo kuika kadontho ka pensulo pamwamba kumathandiza. Yezani kuya kwa dzenje loyambalo ndipo latsopano likhale lofanana, lopapatiza kukhosi ndi lotambalala pansi ngati mtsuko. Kwirirani ndi mchenga wonyowa wochokera m'dzenje loyamba, osati wouma wapamwamba, chifukwa wouma umayamwa madzi a m'mazira. Musawatsuke.

Kuya ndi mthunzi n'zofunika chifukwa kutentha kwa mchenga n'kumene kumasankha ngati kamwana kakhale kakamuna kapena kakakazi, monga zimachitikiranso kwa ng'ona za mu Shire. Kwa akamba, pa madigiri pafupifupi 29 amaswa theka ndi theka. Kukatentha kuposa 31 pafupifupi onse amakhala aakazi, kukazizira kufika 27 amachuluka ndi aamuna, ndipo kukapitirira 34 kwa masiku angapo ambiri amafera m'mazira. Mpanda woswetsera womangidwa padzuwa ndi maenje osaya ukhoza kutulutsa aakazi okhaokha kwa zaka zambiri popanda wozindikira, chifukwa kamwana sikaoneka kunja kuti ndi kakamuna kapena kakakazi. Ndipo dziko likutentha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti pa ma green turtle aang'ono ochokera m'magombe a kumpoto kwa Great Barrier Reef ku Australia, oposa 99 pa 100 anali aakazi. Beaver alibe vuto limeneli.

Tiana timatuluka usiku ndipo timalunjika kumene kukuwala kwambiri, komwe mwachilengedwe ndi kunyanja. Getsi loyera la hotela kapena la mumsewu limatikokera kumtunda, n'kufa ndi dzuwa m'mawa. Mababu a m'mphepete mwa gombe akhale ofiira kapena achikasu chakuda, otsika, otchingidwa mbali ya kunyanja. Magalimoto asayende pagombe, chifukwa kamwana kakagwera mu mkwasa wa tayala kamatsata mkwasawo osatulukamo. Chizolowezi chosunga tiana m'mabeseni kuti alendo adzatione masana n'choipa kwambiri. Timatuluka tili ndi chakudya chotsalira cha m'dzira chongokwanira kusambira osapuma kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo mpaka kufika kumadzi akuya. Tikathera mphamvuzo m'beseni, tikafika m'nyanja tili tofooka. Timasulidwe usiku womwewo, mamita angapo kuchokera m'madzi kuti tiyende tokha, ndipo malo omasulira azisinthidwa kuti nsomba zisazolowere.

Chitsanzo chapafupi ndi ife chili kumalire a South Africa ndi Mozambique. Mitundu 5 mwa 7 ija imapezeka m'madzi a Mozambique. Ku gombe la Maputaland, lomwe lero lili mu iSimangaliso Wetland Park, kuwerenga ndi kulondera akamba kunayamba mu 1963 ndipo sikunaimepo. Amaikira kuyambira cha mu Okutobala, ndipo tiana timatuluka kuyambira Januwale mpaka Marichi. Mbali ya Mozambique, gombe la Ponta do Ouro linatetezedwa mu 2009 ndipo pano lili mu Maputo National Park. Pa gombe la Maputaland lomwelo, alonda omwewo, ma loggerhead achuluka kangapo konse, koma ma leatherback aakazi oikira sakwanabe 100 pachaka. Ma leatherback amayenda kutali m'nyanja yapakati kumene kuli zingwe za mbedza, ndipo amameza mapepala apulasitiki poyesa jellyfish.

Chisale_M

Mfundo ya Mayi Nasimango ya Maputaland ikhale pakati pa phunzirolo. Muwauzenso ana kuti maenje amene akuwerengedwa chaka chino akuonetsa mmene mazira anatetezedwera zaka 20 kapena 30 zapitazo. Polojekiti ya zaka 5 singaone zipatso zake, pamene ya beaver imaziona isanathe. Mu Okutobala 2025 bungwe la IUCN, limene limalemba za zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linachotsa green turtle pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi, pambuyo pa ntchito imene inayamba zaka za m'ma 1950 ndi 1960 m'malo ngati Tortuguero ku Costa Rica ndi Aldabra ku Seychelles. Hawksbill ndi Kemp's ridley adakali pa mlingo wa ngozi yaikulu kwambiri. Mitundu yonse iwiri ya beaver sili pangozi.

Pali ziwiri zokhudza Amalawi opita kugombe ku Mozambique kapena Tanzania. Zibangili, ndolo ndi zipeso za mawanga ofiirira ndi achikasu zimene ena amagulitsa mobisa zimachokera ku chigoba cha hawksbill. Akamba onse a m'nyanja yamchere ali pa mndandanda wa nyama zoletsedwa kugulitsa pakati pa maiko mu pangano la CITES loteteza zamoyo zakuthengo, limene Malawi inalowamo, choncho kuwoloka malire ndi zinthu zimenezi ndi mlandu. Chachiwiri ndi nyama yake. Nthawi zina imakhala ndi poizoni amene satha ngakhale muiphike bwanji, ndipo amadutsa mu mkaka wa m'mawere. Mu Marichi 2024 pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar ana 8 ndi mayi mmodzi anamwalira atadya nyama ya kamba, ndipo anthu ena oposa 70 anagonekedwa m'chipatala.